Kompyuta Ikauma Pozula Kapena Polowetsa Fulashi: Zoyenera Kuchita Pakhomo

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

M'nyumba zambiri za m'boma la Chongwe, zinthu zimene kale tinkasunga m'sutikesi pansi pa bedi tsopano zili m'kachipangizo kochepa ngati chala. Mphunzitsi amene akuwonjezera maphunziro ku Chalimbana University amasunga ntchito ya chaka chonse mu fulashi. Mlembi wa kopaletivi ku Kanakantapa amasungamo mayina ndi manambala a NRC a alimi olandira feteleza wa FISP. Ojambula maukwati, maliro ndi mwambo wa Chakwela Makumbi amanyamula mavidiyo a makasitomala awo mu hard drive yonyamula m'thumba. Kuchokera mu 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a phunziro la kompyuta, nawonso ana athu amayenda ndi fulashi pakati pa sukulu, nyumba ndi kashopu kopulinta.

Vuto limene kabuku kano kakunena ndi lodziwika kwa onsewa. Mwazula fulashi, kapena mwazula n'kulowetsanso, ndipo kompyuta yauma gwa. Ena amati yafiriza, ena amati yajema. Kamuvi ka mausi sikasuntha, kapena kakusuntha koma kabwalo kakungozungulira, pamwamba pakulembedwa Not Responding. Mtima umathamanga, ndipo manja amayamba kuchita zinthu: kuzulanso, kulowetsanso, kudina paliponse, kukanikiza batani lozimitsira.

Mfundo ya kabuku kano ndi imodzi. Kompyuta youma motere nthawi zambiri imakhala isanawonongeke, imakhala ikudikira yankho kuchokera ku chipangizo chimene chasiya kuyankha. Mafayilo ambiri amatayika chifukwa cha zimene timachita m'mphindi ziwiri zotsatira, osati chifukwa cha kuumako. Munthu akamvetsa chimene kompyuta ikudikira, amadziwa nthawi yokhazika manja pansi, nthawi yozula, ndi nthawi yopita kwa katswiri.

Chimene chikuchitika mkati

Kompyuta ndi fulashi zimayankhulana. Kompyuta imatuma kuti lemba ichi, ndiwerengere icho, ndipo ikatuma imadikira yankho isanapitirize. Fulashi ikachoka nkhani ili mkati, zimakhala ngati mlendo amene wanyamuka osatsanzika mwininyumba ali kukhitchini. Mwininyumba abwera ndi madzi osamba m'manja, aitana, aitananso, asuzumira kuseri, ndipo ntchito zake zonse zaima mpaka atavomereza kuti mlendo wapitadi. Windows nayo imabwereza pempho kangapo, ndipo ulendo uliwonse imatha kudikira masekondi ambiri, mwina mphindi yathunthu, isanasiye. Chimene chimapangitsa kuti zonse zioneke ngati zafa n'chakuti pulogalamu imene imatsegula mafoda, yotchedwa Windows Explorer, ndi yomweyonso imene imaonetsa tizithunzi ta pasikirini ndi mzere wa pansi uja wokhala ndi wotchi. Iyo ikaima kudikira fulashi, nkhope yonse ya kompyuta imaima nayo, ngakhale mkati zina zikuyendabe.

Kuuma kwa polowetsanso kuli ndi gwero lina. Fulashi iliyonse ili ndi kaundula wake, wonena kuti fayilo yakuti ikuyambira pati ndipo ikuthera pati. Mukakopera chinthu, kompyuta imalemba fayiloyo komanso imakonza kaundulayo. Kuzula ntchitoyi ili mkati kuli ngati kuchotsa thumba pakamwa pa chigayo ufa ukutsikabe: wina walowa, wina watayika pansi. Ngati chadukiza ndi fayilo imodzi, mwataya fayilo imodzi. Koma ngati kaundula ndiye wadukiza, fulashi yonse imatha kusawerengeka ngakhale zithunzi ndi makalata anu akadali momwemo. Mukailowetsanso, kompyuta imayesa kuwerenga kaundula wong'ambikayo, imabwereza, ndipo imauma. Mafulashi ndi mamemori khadi ambiri amakonzedwa mwa mtundu wa FAT32 kapena exFAT, umene susunga buku la ntchito zosamalizidwa. Mtundu wa NTFS, umene uli m'ma hard drive ambiri, umasunga bukulo, choncho umapirira pang'ono, ngakhale fayilo imene inkalembedwa panthawiyo imatayikabe.

Gwero lachitatu ndi mphamvu ya magetsi, ndipo kuno kwathu ili ndiye lofala kuposa mmene anthu amaganizira. Mkati mwa hard drive muli mbale imene imazungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi imodzi. Aliyense amene amakhala pafupi ndi chigayo cha magetsi anaonapo mababu akuzilala panthawi imene injini ikudzuka, chifukwa kudzutsa chinthu cholemera kumadya mphamvu yambiri kuposa kuchiyendetsa. Hard drive imateronso. Bowo lakale la USB 2.0 linapangidwa kuti lizipereka mamiliampeya 500, pamene la USB 3.0, limene nthawi zambiri limakhala la buluu mkati, limapereka 900. Nthawi zambiri hard drive podzuka imafuna zoposa 500. Ikapatsidwa zochepa imayamba kuzungulira, ilephera, izima, iyambanso, ndipo kwa kompyuta zimakhala ngati wina akuzula ndi kulowetsa kambirimbiri. Mumamva kaphokoso ka Windows kolowa ndi kotuluka mobwerezabwereza, kenaka zonse zimaima. Chingwe chachitali chopyapyala, kabokosi kogawa mabowo kopanda adaputa yakeyake, ndi mafoni atatu amene akutchajidwa pa laputopu yomweyo chifukwa magetsi apita, zonsezi zimachepetsa mphamvu yofika ku hard drive.

Pomaliza pali chipangizo chodwala. Hard drive imene inagwapo, makamaka ikuzungulira, imakhala ndi malo ena osawerengeka, ndipo kompyuta ikafika pamenepo imakakamira. Fulashi nayo imakalamba, ndipo zina zimene zimagulitsidwa motchipa ndi zabodza: kunja zalembedwa 64 GB koma mkati muli malo ochepa kwambiri, choncho zikadzaza zimayamba kulemba pamwamba pa zakale.

Zimene anthu amatsutsa

Wina anganene kuti wakhala akuzula fulashi zaka zambiri osadina Eject ndipo palibe chinachitika. Zimenezo n'zoona, ndipo chifukwa chake n'chomveka: nthawi zambiri pozula, kompyuta imakhala itamaliza kale kulemba. Koma maso sangakuuzeni kuti yamaliza. Kabokosi kosonyeza kukopera kamatha kutseka pamene zotsala zikutsikabe, Word imasunga yokha mwakachetechete kalata imene mwaitsegula, ndipo pulogalamu yoteteza ku mavairasi imatha kukhala ikufufuza. Kudina Eject kumatenga masekondi osakwana khumi. Kulemba kachiwiri lipoti la masamba makumi asanu kumatenga milungu. Munthu woyerekeza ziwirizi sangavutike kusankha.

Odziwa zambiri amatchula kuti kuyambira Windows 10 ya mtundu wa 1809, imene inatuluka mu 2018, kampani ya Microsoft inaika dongosolo lotchedwa Quick removal kuti likhale loyambira pa zipangizo zolowetsa kunja, kotero kuti kudina Eject sikofunikanso. Dongosololi limathandizadi, chifukwa kompyuta siisunganso zolemba zambiri m'mutu mwake podikira kuti idzalembe pambuyo pake. Komabe silingamalize kukopera kumene mwakudula pakati, silingatseke fayilo imene ili yotsegula, ndipo siliimitsa mbale ya hard drive musanainyamule. Ndiponso fulashi yanu simalowa m'kompyuta yanu yokha. Imalowa m'makina akale a Windows 7 a m'mashopu, m'makompyuta a Linux, mu Mac, mu foni, mu TV. Pa Linux ndi pa Mac, zolemba zimatha kukhala zikudikirabe mkati ngakhale sikirini yanena kuti zatha. Chizolowezi chimodzi chotsanzika paliponse n'chotetezeka kuposa kukumbukira kuti makina ati amakhululuka.

Ambiri amathamangira kunena kuti ndi vairasi. Vairasi ya m'mafulashi ilipodi, makamaka ija imene imabisa mafoda anu n'kuika m'malo mwake tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, ndipo imafala kudzera m'makompyuta amene mumalowa mafulashi a anthu ambiri patsiku. Koma vairasi siiliza hard drive kuti tiki tiki, ndipo siichititsa kuti chipangizo chizime mukagwedeza chingwe. Kuitcha vairasi nthawi zonse kumachititsa anthu kufomata fulashi yabwinobwino pamene cholakwa chinali chingwe cha makwacha ochepa.

Kutsutsa kolemera kuposa konse ndi kwa nthawi. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo boma litalengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko, panafika miyezi imene ZESCO inkapereka magetsi pafupifupi maola atatu okha patsiku. Munthu amene ali ndi maola atatu, mwinanso a usiku, samafuna kumva zodikira mphindi zisanu. Dandaulo limeneli ndi lachilungamo. Koma kuyatsanso kompyuta imene yazimitsidwa mokakamiza, kuidikira idzifufuze, n'kuyambiranso kukopera, kumadya nthawi yoposa mphindi zisanuzo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani ino kudekha ndiko njira yachidule.

Ikauma, tsatirani izi motsatizana

1. Chotsani manja pa mausi ndi pa kiyibodi. Kudina kulikonse ndi pempho latsopano limene likukaima pamzere kumbuyo kwa lija lakanika.

2. Mvetserani ndi kuyang'ana. Ngati hard drive ikulira tiki tiki mobwereza, kapena ikulira ngati kanthu kakukhula, izuleni pompo ndipo musailowetsenso. Pamenepa pokha kuzula msanga ndiko kupulumutsa. Ngati ili chete kapena kanyali kake kakuphethira, isiyeni.

3. Dikirani mphindi zitatu mpaka zisanu poyang'ana wotchi, osati mongoyerekeza. Ngati munali mkati mokopera mavidiyo aakulu, dikirani kuposa pamenepo.

4. Dinani batani la Caps Lock. Kanyali kake kakayaka ndi kuzima, kompyuta ikadali moyo ndipo simuyenera kuizimitsa.

5. Dinani pamodzi Ctrl, Shift ndi Esc kuti mutsegule Task Manager. Pezani Windows Explorer, dinani ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Restart. Sikirini ithima pang'ono n'kubwerera. Nthawi zambiri vuto limathera pano.

6. Ngati munatsegula kalata kuchokera mu fulashi imene yachoka, musaitseke. Sankhani Save As, muisunge mu Documents kapena pa Desktop ya kompyuta. Kenaka tsekani pulogalamuyo.

7. Ngati kuumako kunayamba mutangolowetsa chipangizo, musanakopere chilichonse, ndipo mphindi zisanu zadutsa, zulani kamodzi kokha. Kompyuta ikamasuka nthawi yomweyo, mwadziwa kuti vuto lili m'chipangizocho, m'chingwe chake kapena m'bowo.

8. Sankhani Restart, osati Shut down. Pa Windows 10 ndi 11, Shut down nthawi zambiri imagoneka mbali ina ya dongosolo n'kudzaidzutsa mmene inalili, pamodzi ndi chisokonezo chake. Restart imayambitsa zonse mwatsopano.

9. Zonsezi zikakanika, ndipo Caps Lock sikuyankha, kanikizani batani lozimitsira kwa masekondi pafupifupi khumi. Ikazima, zulani zipangizo zonse za kunja, muyatse kompyuta ili yokha.

Chenjezo: musazule ndi kulowetsa mofulumizana. Mukazula, werengani mpaka khumi kapena kuposa musanalowetsenso, kuti kompyuta ithe kufufuta chipangizocho m'ndandanda wake ndiponso mbale ya hard drive iime.

Kupeza gwero: sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi

Kompyuta ikabwerera, ntchito siinathe, chifukwa chimene chinaiumitsa chikadalipo. Pali zinthu zinayi zokha zimene zingakhale zolakwa: bowo, chingwe, chipangizo, ndi kompyuta yeniyeniyo. Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kusintha zonse pakamodzi. Zikayenda sadziwa chimene chathandiza, ndipo mawa vuto likabwerera amayambanso kuchokera pachiyambi. Yesani motere, ndipo pa sitepe iliyonse lembani papepala chimene mwaona.

Yambani ndi bowo. Chotsani mafoni, modemu ndi kabokosi kogawa mabowo, mulowetse chipangizo mwachindunji m'bowo lina. Pa kompyuta ya patebulo gwiritsani ntchito mabowo a kumbuyo, chifukwa a kutsogolo amadutsa m'timawaya tina mkati ndipo amakonda kufooka. Sankhani la buluu ngati lilipo. Ngati ndi laputopu, yesani ili pa chaja. Walitsani tochi ya foni m'bowomo: fumbi la mu September ndi October limadzaza timabowo timeneti, ndipo kalilime ka mkati kamatha kuthyoka. Poyeretsa bowolo, zimitsani kaye kompyuta ndipo musalowetsemo singano kapena waya.

Kenaka chingwe. Ma hard drive ambiri ali ndi kamutu kotambalala kokhala ndi mpata pakati, ndipo kamakhwefuka msanga, makamaka ngati chingwe chimakulungidwa pa chipangizocho chili cholowetsa. Bwerekani chingwe china chachifupi, chonenepa. Ngati kugwedeza chingwe pang'ono kukuchititsa kuti chipangizo chizime, gwero mwalipeza.

Chachitatu, yesani chipangizocho pa kompyuta ya mnzanu, ndipo yesani fulashi ya mnzanu pa kompyuta yanu. Ngati chanu chikuumitsa makompyuta onse, ndicho chodwala. Ngati mafulashi onse akuumitsa kompyuta yanu yokha, yang'anani m'kompyutamo, ndipo malo oyamba kuyang'ana ndi dongosolo losunga batire, limene limagoneka mabowo a USB ndipo nthawi zina limalephera kuwadzutsa bwino:

- Tsegulani Control Panel, kenaka Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings. Pansi pa USB settings pezani USB selective suspend setting, muike pa Disabled.
- Tsegulani Device Manager, mutambasule Universal Serial Bus controllers. Pa USB Root Hub iliyonse tsegulani Properties, kenaka Power Management, muchotse kachongi pa mzere wolola kompyuta kuzimitsa chipangizo posunga mphamvu.
- Mu Device Manager momwemo, pansi pa Disk drives, tsegulani Properties ya chipangizo chanu, muone pa Policies kuti pasankhidwa Quick removal.

Batire lidzatha msanga pang'ono mukasintha izi, koma kusiyana kwake n'kochepa poyerekeza ndi kutaya ntchito. Ngati kompyuta imauma pa foda imodzi yokha, makamaka ya mavidiyo, mwina muli fayilo yowonongeka imene Windows ikulephera kupangira kachithunzi. Sinthani kaonekedwe ka foda kukhala Details musanaitsegule, ndipo koperani mafayilo amodzi amodzi kuti mudziwe imene ikukakamira.

Uthenga wofuna kufomata

Nthawi zina mukalowetsanso, Windows imanena kuti chipangizo chiyenera kufomatidwa musanachigwiritse ntchito, ndipo imakupatsani batani la Format disk. Dinani Cancel. Uthengawu ukutanthauza kuti kaundula sakuwerengeka, osati kuti mafayilo atha. Kufomata kumalemba kaundula watsopano wopanda kanthu, ndipo chilichonse chimene mungakoperemo pambuyo pake chimakhala pamwamba pa zakale. Pali mapulogalamu aulere monga PhotoRec ndi Recuva amene amatha kutola mafayilo m'chipangizo chotere. Lamulo lake ndi lakuti zotoledwazo zisungidwe kwina, osati m'chipangizo chodwalacho.

Uthenga wina umafunsa ngati mukufuna Scan and fix. Apa ndondomeko ndi yofunika kwambiri. Ngati mafayilo akuonekabe, akopereni kaye onse ofunika ku kompyuta, kuyambira ang'onoang'ono amtengo wapatali monga masatifiketi ndi makalata, kenaka zithunzi, pomaliza nyimbo ndi mafilimu. Mukatero ndiye lolani kukonzako, kapena tsegulani Properties, Tools, Check. Kukonza kumeneku kumathandiza kaundula wosokonekera, koma pa hard drive imene ikufa kumaigwiritsa ntchito yolemetsa imene ingaimalize. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga zimene hard drive imanena za thanzi lake. Ikalemba Caution kapena Bad, samutsani katundu wanu ndipo musaidalirenso.

Kazulidwe koyenera

1. Tsekani makalata, nyimbo, mavidiyo ndi mafoda onse otsegulidwa kuchokera m'chipangizocho.
2. Dinani kachithunzi ka USB pafupi ndi wotchi, musankhe Eject, kapena dinani dzina la chipangizo ndi batani la kumanja mu This PC.
3. Dikirani uthenga wonena kuti mutha kuchotsa. Ngati ndi hard drive, ikani dzanja pamwamba pake mpaka kunjenjemera kutasiya.
4. Gwirani kamutu, osati chingwe, ndipo kokani mowongoka.
5. Ikakana n'kunena kuti chipangizo chikugwiritsidwa ntchito, dikirani mphindi imodzi muyesenso. Ikakanabe, gwirani batani la Shift podina Shut down kuti kompyuta izimiretu, kenaka zulani.

Pa foni ya Android, lowani mu Settings, Storage, musankhe Eject kapena Unmount. Pa TV ndi pa wailesi, imitsani nyimbo ndi kuzimitsa kaye.

Magetsi akamapita ndi kubwera

Pali msampha umene mabanja ambiri sauona. Ma hard drive aakulu a patebulo ali ndi adaputa yawoyawo ya pakhoma. Magetsi akapita, laputopu imapitiriza ndi batire lake koma hard drive imazima pomwepo, ndipo kwa kompyuta zimenezi n'chimodzimodzi ndi kuzula mwadzidzidzi. Zimachitikanso m'kamphindi kosinthira kuchoka ku magetsi a ZESCO kupita ku invata kapena jenereta. Choncho musayambe kukopera zinthu zazikulu nthawi yozimitsa magetsi ikayandikira, ndipo musasinthe gwero la magetsi kukopera kuli mkati. Kompyuta ya patebulo imafunika UPS, ngakhale yaing'ono yopereka mphindi zochepa zotsekera bwino. Magetsi akabwera, dikirani mphindi zingapo akhazikike musanalowetse zipangizo. M'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, zulani zonse pakhoma mphezi zikayamba.

Zolakwa zofala

- Kulemba ntchito mwachindunji mu fulashi. Koperani fayilo ku kompyuta, gwirirani ntchito pamenepo, mubwezere mukamaliza.
- Kugwiritsa ntchito Cut m'malo mwa Copy. Koperani, tsegulani zimene mwakoperazo muone kuti zili bwino, ndiye mufufute zakale.
- Kunyamula kapena kusuntha hard drive ikuzungulira, kapena kuisiya ikulendewera pa chingwe m'mphepete mwa tebulo.
- Kudina tizithunzi ta kamuvi timene talowa m'malo mwa mafoda anu. Fufuzani kaye fulashiyo ndi pulogalamu yoteteza.
- Kumenya, kugwedeza kapena kuika hard drive mu firiji. Chinyezi chimaiwononga.
- Kutsegula chitsulo cha hard drive kunyumba. Kafumbi kamodzi kamakwanira kukala mbale.
- Kukhulupirira fulashi yatsopano musanaiyese. Pulogalamu ya H2testw imaidzaza n'kuwerenganso, ndipo imaulula kukula kwake kwenikweni. Iyeseni idakali yopanda kanthu.
- Kuganiza kuti fulashi yafa chifukwa yakana vidiyo yaikulu. FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB.

Popita kwa katswiri

Pitani kwa wokonza ngati hard drive ikulira, ngati siikuoneka pa kompyuta iliyonse ngakhale mwasintha chingwe, ngati fulashi ikutentha kwambiri kapena yathyoka kamutu, kapena ngati mabowo onse a kompyuta asiya kugwira ntchito. Tengani pepala lija munalembapo zimene munayesa. Musanasiye chipangizo, nenani momveka kuti chimene mukufuna ndi mafayilo, ndipo asafomate popanda kukufunsani, chifukwa wokonza wina amamva kuti mukufuna chipangizo chigwirenso ntchito basi. Funsani mtengo poyamba. Kumbukiraninso kuti muli zithunzi za banja ndi manambala a NRC a anthu ena, choncho sankhani munthu wodalirika. Hard drive imene yawonongeka mkati imafuna zida zimene okonza ambiri alibe. Ulendo wokafuna zida zotere ku Lusaka, makilomita pafupifupi 45 pa msewu wa Great East, ndi gawo lochepa chabe la ndalama zimene ntchitoyo imadya, ndipo sizimatheka nthawi zonse.

N'chifukwa chake chitetezo chenicheni ndi kukhala ndi makope awiri m'malo awiri. Wina anganene kuti alibe ndalama ya hard drive yachiwiri, ndipo n'zoona kuti si banja lililonse lingaigule. Koma zinthu zimene sizingapezekenso n'zochepa ndipo n'zopepuka: masatifiketi, makalata a malo, ndandanda wa kopaletivi, ntchito ya kusukulu, zithunzi za makolo amene anatisiya. Zonsezi zimakwana mu fulashi yaing'ono yachiwiri, kapena mu imelo imene mwadzitumizira nokha, kapena mu Google Drive imene imapereka 15 GB mwaulere. Nyimbo ndi mafilimu mudzazipezanso kwa anzanu.

Inu makolo, khalani pansi ndi ana amene amagwiritsa ntchito kompyuta ya pakhomo, muwerenge nawo masitepe asanu ndi anayi aja, ndipo muwalembe papepala lomata pafupi ndi tebulo. Ndipo magetsi akabwera lero, musanatchaje foni kapena kuyatsa TV, koperani mafayilo ofunikawo kumalo achiwiri.